MALIRO OPANDA MANDA

Munthu amene waima pa siteshoni ya Nkaya, kumwera kwa Balaka, amaona njanji zikusiyana njira. Ina imapita ku Blantyre, ina ku Salima, ina imakaoloka Shire pa Liwonde ndi kukafika pa malire a dziko ku Nayuchi, ndipo ina yatsopano imachokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Nkhondo zazikulu sizinamenyedwe pamalo ameneŵa. Komabe m'midzi ya kwa Nkaya, kwa Nsamala, kwa Sitola ndi kwa Liwonde, nkhondo zitatu zinakhudza mabanja, ndipo chilonda chimene chinachedwa kupola koposa chinali cha anthu amene anapita osabwerera, osasiya ngakhale manda oti abale nkuloza.

Yoyamba inali ya 1914 mpaka 1918, imene makolo anaitcha Nkhondo ya Chiwaya chifukwa cha mfuti zolira mosalekeza zija. Inafika m'dziko muno msanga, pakuti pa 9 Sepitembala 1914 asilikari a King's African Rifles anali atayamba kale kumenyana ndi Ajeremani ku Karonga. Pofika kumapeto kwake amuna pafupifupi 19,000 anali ataloŵa usilikari, ndipo pakati pao panali Ayao ambiri, chifukwa Azungu anali kukonda kulemba anthu a mtundu umenewu. Koma unyinji weniweni unali wa amtengatenga, anthu pafupifupi 200,000, m'dziko limene pa kalembera wa 1921 linapezeka ndi anthu 1,200,000 okha.

Masiku amenewo njanji inali kuthera ku Blantyre. Ku Balaka ndi ku Salima inadzafika m'chaka cha 1935. Katundu wa nkhondo anali kudzera ku Zomba, kuoloka Shire pa Liwonde, kufika ku Fort Johnston kumene tsopano ndi ku Mangochi, ndi kukwera sitima za panyanja. Kutsogoloko chakudya cha asilikari ndi zipolopolo zao zinayenda pamitu ya anthu, kukwera mapiri ozizira a ku Tanganyika, kenaka kuloŵa m'tchire la ku Mozambique, kumene mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anathaŵira mu Novembala 1917. Amtengatenga ambiri sanapite mwa kufuna kwao. Amesenjala a Boma anali kuloŵa m'midzi usiku, ndipo mwamuna akabisala anali kugwira mkazi wake ngati chikole kufikira mwiniyo ataonekera. Chimene chinapha ambiri sichinali chipolopolo ai, koma kamwazi, chibayo, malungo ndi njala. Wofa anali kufotseredwa pambali pa njira, ndipo ulendo unali kupitirira.

Omvera onse akudziŵa mmene maliro amayendera pamudzi. Uthenga umapita kwa ankhoswe a mbali zonse ziŵiri ndi kwa mfumu, anthu amagona pasiŵa, adzukulu amakumba manda, ndipo mtembo utaikidwa pamabwera kumeta. Kwa Asilamu pamakhala sadaka, makamaka ya pa tsiku la 40. Pambuyo pake akuchimuna amamsudzula mkazi wamasiye, kumuuza pamaso pa anthu kuti ali womasuka. Miyambo yonseyi imayambira pa chinthu chimodzi, ndicho chitsimikizo chakuti munthuyo wafadi.

Tsono tayerekezani mai amene mwamuna wake anatengedwa m'chaka cha 1916. Nkhondo yatha, anzake a mwamunayo akubwera mmodzimmodzi, oonda ndi odwala. Wina akuti anamsiya akudwala pa chigono chakuti, wina akuti anamva kuti anachira ndi kupita ndi gulu lina. Kalata palibe. Kodi mai ameneyu alire maliro? Akameta tsitsi, akuchimuna adzati wamfulumizira imfa mbale wao. Akapanda kumeta, adzakhala zaka ndi zaka ali mkazi wa munthu wosaoneka, wosatha kukwatiwanso popanda mlandu. Ndipo panali chinthu china chosokoneza: amuna ena anali moyo ndithu, koma anakakhazikika ku Harare kapena ku Joni ndi kusanduka matchona. Motero chiyembekezo sichinali chopusa, ndipo ndicho chinali kuletsa banja kutseka nkhaniyo. Mabanja ena, atatopa ndi kudikira, anachita mwambo wa maliro popanda mtembo. Ena sanachite konse.

M'dera lino imfa ya mwamuna mmodzi imagwetsa nyumba ziŵiri. Ukwati wa kuno ndi wachikamwini: mwamuna amakakhala kwao kwa mkazi, ndipo munda ndi ana ndi za kuchikazi. Mkazi wa mtengatenga uja sanalandidwe munda, koma anasoŵa womgwetsera mitengo, womangira nkhokwe, wofolera nyumba ndi wopezera ndalama za msonkho. Kumudzi kumene mwamunayo anabadwira kutayako kunali kwa mtundu wina. Kumeneko iye anali mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana ao, woimirira pa milandu ndi woongola maukwati. J. Clyde Mitchell, amene anakhala m'midzi ya Ayao a m'chigawo chino kuyambira 1946 mpaka 1949, anaonetsa kuti mudzi wa Chiyao umamangidwa pa mbumba yotere ndi mlongo wao wamwamuna. Mbumba yosoŵa mwini inali kukakoloŵekedwa kwa mbale wapatali, amene anali ndi mbumba yakeyake yoti aziyamba kuiganizira. Ana a alongo aja anakula opanda malume woŵalankhulira, ndipo kufooka kwa banja lotero pa nkhani za malo ndi za ufumu kumatha kuoneka ngakhale kwa zidzukulu zimene sizinamve konse kulira kwa chiwaya.

John Chilembwe anaziona izi nkhondo itangoyamba. M'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, anadandaula kuti amene adzafe ndi amphaŵi opanda kanthu, ndi kuti adzasiya akazi amasiye ndi ana amasiye m'umphaŵi waukulu. Chimene sakanatha kudziŵa nchakuti pamene otsalawo anali kubwerera kumapeto kwa 1918, chimfine choopsa chimene chinazungulira dziko lonse lapansi chinafikanso kuno, ndi kupeza midzi imene minda yake inali itagonera.

Nkhondo ya 1939 mpaka 1945 inatenga amuna oposa 25,000 a m'dziko muno. Anamenya ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar, ndi ku Burma m'chaka cha 1944. Ulendo uno zinthu zinasiyanako pang'ono, chifukwa msilikari anali ndi nambala, anali kutumiza ndalama kwao, ndipo akafa uthenga unali kufika kudzera kwa Bwana D.C. Banja linali kutha kulira ndi kumeta, ngakhale manda ali kutsidya kwa nyanja zamchere. Obwerera nao sanabwere onse athunthu. Ena analibe chiŵalo, ena anali kubwebweta ndi kudzidzimuka usiku, ndipo akazi ao ndiwo anasenza matenda amene panthaŵiyo analibe dzina. Gule wa beni, wovinidwa ndi zovala za khaki, mamendulo ndi wezulo, anafala kuno ndi asilikari obwerera ku nkhondo. Oonera amaseka kaguba wake, koma magwero ake ndi omweŵa.

Nkhondo yachitatu inabwera ndi njanji yomweyi. Njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi, yotalika makilomita 101, inatsegulidwa m'chaka cha 1970 kuti katundu wa dziko lino azidzera ku doko la Nacala. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, itakula, njanjiyo inadulidwa kutsidya kwa malire m'chaka cha 1984. Kuyambira 1987 asilikari a Malaŵi anatumizidwa kukailondera, ndipo ena mwa iwo anafera komweko. Nthaŵi yomweyo anthu othaŵa nkhondo anali kukhamukira kuno, mpaka anapitirira 1,000,000 pofika 1992. Ambiri anali Ayao, Alomwe, Asena ndi Anyanja okhala ndi abale mbali ino, ndipo anafika atasiya akufa ao osaikidwa, kapena atasiyana ndi mwana pothaŵa usiku. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ochuluka anabwerera kwao. Apa panabuka kulekana kwina: mwamuna wa ku Mozambique amene anakwatira kuno anafuna kukaona malo a makolo ake, mkazi anakana kusiya munda wa amai ake, ndipo ana anatsala ndi bambo wamoyo amene sanamuonenso.

Chaka ndi chaka, m'mwezi wa Novembala, anthu amavala kaduŵa kofiira ndipo akuluakulu amakaika nkhata za maluŵa pa nsanja ya chikumbutso cha asilikari ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mwambowu ngwoyenera, koma umakumbukira makamaka ovala yunifolomu. Zinatenga mpaka Epulo 2021 kuti bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission livomere poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafa pa nkhondo yoyamba ija, ambiri a iwo a mu Africa, sanalembedwe maina pa mwala uliwonse. Kuyambira pamenepo bungwelo lakhala likufufuza mainawo m'mabuku akale a maboma.

Mabuku a Boma sangakhale nao onse, pakuti kalaliki wolemba amtengatenga anali kulemba dzina monga analimvera, nthaŵi zina dzina longopeka la munthu woopa kulondoledwa. Kumudzi maina amasungidwa mwa njira ina. Pa mwambo wa Ayao ndi Anyanja, mwinimbumba akafa mphwake amaloŵa dzina lake pamodzi ndi udindo wake, ndipo mwana wobadwa pambuyo amapatsidwa dzina la wotisiya. Wofufuza amene angatsike sitima pa Nkaya ndi kope lake ayenera kuyamba wafunsa amai achikulire a mbumba iliyonse kuti dzina limene mwana wao amaitanidwa nalo linali la yani poyamba, ndipo mwini wakeyo anapita kuti.