Gitala yamagetsi siifuna sipika yotulutsa zonse

Pa zikwati, m'matchalitchi ndi m'malo azisangalalo ku Petauke ndi ku Nyimba, zida zoimbira zimakhala zofanana: mikisa imodzi, masipika awiri akuluakulu, kenako kiyibodi, mamaikolofoni ndi gitala zonse n'kulumikizidwa pomwepo. Woimba amamveka bwino, kiyibodi nayonso bwino. Koma woliza gitala akangoponda kachipangizo kokalipitsa mawu, kufuna kulira kwa blues kapena kwa Zamrock imene Paul Ngozi ndi gulu la WITCH anatchuka nayo m'zaka za m'ma 1970, chimene chimatuluka ndi phokoso lolasa m'makutu. Anthu amathamangira kunena kuti gitalayo ndi yotchipa kapena masipika atha. Kawirikawiri si choncho. Masipikawo akungotulutsa mawu amene ampu ya gitala ikanawabisa.

Kukwera ndi kutsika kwa mawu kumayezedwa ndi kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi imodzi, m'ma Hz. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira 20 mpaka pafupifupi 20,000 Hz. Nsambo yaikulu ya gitala imalira pa 82 Hz, ndipo noti yapamwamba kwambiri sifika n'komwe pa 1,400 Hz. Komabe noti iliyonse imanyamula timawu tina pamwamba pake, towirikiza kawiri, katatu, kanayi mpaka m'mwamba, ndipo kachipangizo kokalipitsa kaja kamatichulukitsa kwambiri. Sipika ya mainchesi 12 ya mu ampu ya gitala imayamba kufooka cha pa 5,000 Hz. Kufooka kumeneku ndiko kumakometsa gitala: sipikayo imakhala ngati sefa, ufa umadutsa, gaga n'kutsala. Masipika a pamsonkhano anawapangira ntchito ina. Ali ndi kasipika kena kang'ono kotulutsa mawu apamwamba, kuti wolankhula pa mwambo wa Tuwimba kwa Mfumu Kalindawalo amveke liwu lililonse mpaka kumbuyo. Kasipika komweko ndi kamene kamaulula zonyansa zonse za gitala.

Palinso nkhani ya polowera. Mphamvu yochokera m'gitala ndi yofooka, ndipo imafuna polowera pa ma ohm pafupifupi 1,000,000, pamene polowera wamba pa mikisa pamakhala pa ma ohm 10,000 kapena kuposerapo pang'ono. Gitala ikalowa pamenepo mawu ake amafota. Kabokosi ka DI koyendera batire, kapena polowera polembedwa Hi-Z, pamathetsa zimenezi.

Mankhwala a phokoso lolasa lija tsono ndi kuchotsa, osati kuwonjezera. Njira yakalekale ndi kuika maikolofoni, monga Shure SM57 imene inatuluka mu 1965, pakamwa pa ampu yaing'ono n'kutumiza mawuwo ku mikisa. Amene alibe ampu angagwiritse ntchito chipangizo chotsanzira ampu ndi sipika yake. SansAmp inabwera mu 1989, POD ya Line 6 mu 1998, ndipo lero zipangizo zambiri zopondaponda zili ndi batani la ntchitoyi, kungoti ambiri saliyatsa. Ngati zonsezi palibe, woyendetsa mikisa atsitse ndithu mawu opitirira 5,000 Hz ndi ochepera 100 Hz, asiye apakati, chifukwa blues imakhala pakatipo.

Ena anganene kuti magitala a kalindula ndi rhumba amalowa mwachindunji mu mikisa n'kumamveka bwino. N'zoona ndithu, koma gitala imeneyo imalizidwa yoyera, yosakalipitsidwa, choncho timawu tam'mwamba timakhala tochepa ndipo kuthwa kwake n'kumene ovina amafuna. Enanso amaumirira kuti popanda ampu ya mavavu, yodula ija, blues yeniyeni palibe. Mavavu amafewetsadi mawu mokoma akakankhidwa, koma B.B. King analiza gitala yake, Lucille, kwa zaka zambiri pa Lab Series L5, ampu yopanda vavu ndi imodzi yomwe. Ndalama zochepa zimene gulu la ku Nyimba lingapeze zikapindula kwambiri pa kabokosi ka DI ndi chingwe chabwino kusiyana ndi kulota ampu yochokera ku London.

Nkhaniyi ikukhudzanso thanzi. Khutu limamva msanga, n'kutopanso msanga, ndi mawu apakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz. Gitala ikamasokonekera, woliza amapempha kuti aikweze, woimba naye amakweza maikolofoni yake, mpaka holo yonse imasanduka mpikisano. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti m'malo azoimbaimba phokoso lisapitirire ma decibel 100 poliyeza kwa mphindi 15. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso, ndipo amene amayamba kuvulala ndi oimba eni ake ndi ana amene amakonda kuunjikana pafupi ndi masipika. Gitala yosefedwa bwino imamveka ngakhale batani lokwezera lili pakati chabe.