Kufunafuna Magudumu Oyenera Galimoto Yakale

Mwa magalimoto onse amene anayenda m'misewu yafumbi ya kuno kwathu m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndi ochepa amene akuluakulu amawatchula ndi ulemu wonga umene amapereka kwa Peugeot 404, imene inayamba kupangidwa ku France m'chaka cha 1960, nipambana mpikisano woopsa uja wa East African Safari kanayi konse, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo ngakhale eni ake ku France analeka kuipanga mu 1975, a ku Kenya anapitiriza kuilumikiza kufikira 1991. Munthu amene wailandira lero monga chuma chamasiye, kapena waiwombola pansi pa mtengo wa mango pamene inagona zaka zambiri itasanjikidwa pa njerwa, amayamba ndi injini, monga kuyenera. Koma injini ikadzuka, mtima nuyamba kukondwera, m'pamene amazindikira kuti ntchito yaikulu yatsalira pansi, pa magudumu anayi aja, ndi kuti msika umene wadzaza ndi matayala ndi malimu a magalimoto ochokera ku Japan ulibe kanthu kamene kanapangidwira galimoto yakeyo.

Tiyambe ndi limu, chitsulo chimene tayala limavekedwapo, pakuti apa m'pamene ambiri amapunthwa. Limu lililonse lili ndi mabowo olowamo mabawuti, ndipo mabowowo amakhala pa mzere wozungulira umene kukula kwake wopanga galimoto anakuyeza mosamala. Peugeot 404, ya mtundu wa saluni, ili ndi mabawuti atatu okha, pa mzere wa mamilimita 160. Mng'ono wake 504 ali ndi anayi pa mamilimita 140. Land Rover yakale ili ndi asanu pa mamilimita 165.1, pamene Volkswagen Beetle, imene inkapangidwanso ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 kufikira 1979, inayamba ndi asanu otalikirana kwambiri, pa mamilimita 205, ndipo pambuyo pake inasinthira ku anayi pa mamilimita 130. Ngakhale mabowo atatu a Renault 12, amene m'maso aoneka ngati a Peugeot, ali pa mamilimita 150, ndipo sangalowe. Kukana kotere n'kwabwino, chifukwa limu lokaniratu silipha munthu.

Loopsa ndi limu limene limalowa lisanayenere. Morris Minor, imene inatuluka ku England mu 1948, pamodzi ndi Mini ya 1959, inayezedwa m'mainchesi: mabawuti anayi pa mainchesi anayi, ndiwo mamilimita 101.6. Tsono malimu ochuluka a Toyota Corolla ndi Vitz amene ali mbwee m'misika yathu ali pa mamilimita 100. Kusiyana kwake sikufika ndi mamilimita awiri omwe, kotero kuti mnyamata wa pa galaja akakankha ndi bondo, limu limalowa, manati namangika, mwini galimoto nalipira mokondwa. Koma amene agwada pansi ndi kuyang'anitsitsa adzaona kuti nati iliyonse yakhala m'mbali mwa bowo lake, yaluma mbali imodzi, mbali ina itasiya kampata. Ndipo pamene sipanala ikukoka, bawuti imapindikira m'kati pang'onopang'ono. Galimotoyo idzayenda mwezi umodzi kapena iwiri, manati akumasuka okha, chiwongolero chikunjenjemera, kufikira tsiku limene bawuti yotopa idzathyoka pa chitunda, katundu ali m'mwamba ndi ana ali kumbuyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndiyesa kuti makaniko amene amavomera kuboola limu ndi tupa kuti mabowo akule, alinkugulitsa moyo wa mnzake ndi ndalama ya tsiku limodzi, ndipo sayenera kupatsidwanso galimoto.

Kuyeza sikufuna sukulu yaikulu. Pa mabawuti anayi, muyeza kuchokera pakati pa imodzi kufikira pakati pa yoyang'anana nayo. Pa atatu kapena asanu, pamene palibe yoyang'anana ndi inzake, njira yapafupi ndiyo kutenga katoni yolimba, kuikanikiza pa mabawuti atapakidwa girizi pang'ono kuti asiye zidindo, kuboola pa zidindopo, ndi kupita nayo katoniyo kumsika m'thumba. Pali zinanso ziwiri zoti diso lisaphonye. Choyamba ndi kuya kwa limu, kumene pa malimu a masiku ano kumalembedwa ndi zilembo za ET ndi nambala: limu lolowa m'kati kwambiri limakhula mabuleki ndi masipuling'i, ndipo lotuluka kunja kwambiri limalemetsa mabering'i ndi kudya madigadi. Chachiwiri ndi khosi la nati, pakuti ena ali osongoka, ena obulungira monga a Volkswagen, ndipo nati ya khosi lachilendo siigwira ngakhale muimange ndi mphamvu zanu zonse.

Nanga malimu enieniwo angapezeke kuti? Wofunafuna asanyoze kumudzi, pakuti magalimoto ambiri akale atafa, maekiselo ndi magudumu awo anapita ku ngolo za ng'ombe, kumene akutumikirabe kufikira lero, ndipo mwini ngolo, akafikiridwa ndi ulemu ndi kupatsidwa magudumu ena olowa m'malo, sakhala wovuta. Limu lotero liyenera kupalidwa dzimbiri lonse, kuyang'anidwa ngati lili ndi ming'alu pozungulira mabowo, ndi kuzungulitsidwa pa habu kuti lioneke ngati silikupepeluka. A Land Rover ali ndi mwayi woposa anzawo, chifukwa muyeso wa mabawuti awo sunasinthe kuchokera pa Series kufikira pa Defender yakale.

Tikafika pa tayala, tipeza kuti malembedwe akale ndi atsopano salankhula chinenero chimodzi. Pa Beetle pankalembedwa 5.60-15, pa Morris Minor 5.20-14, pa Land Rover yaitali 7.50-16, ndipo pa Peugeot 404, 165x380, imene ili chimodzimodzi ndi 165R15, popeza Afalansa ankalemba mainchesi 15 ngati mamilimita 380. (Koma 400 wa pa Citroën zakale ndi muyeso wapawokha, wosiyana ndi mainchesi 16, ndipo tayala la 16 silikhala bwino pa limu lotero.) Matayala onsewa anali oonda ndi aatali khoma, ndipo utali wa khomawo unali mbali ya ufewe wa galimoto pa mabampu ndi pa miyala. Tayala la 165/80R15 lili ndi msinkhu wa mamilimita pafupifupi 645; la 195/50R15, limene lilowa pa limu la mainchesi 15 lomwelo ndipo anyamata amalikonda chifukwa cha kutambalala kwake, lili ndi 576 okha. Woveka lachiwirili watsitsa mimba ya galimoto ndi mamilimita oposa 30, pa misewu imene mvula imakumba chaka ndi chaka. Wachititsa kuti wotchi ya liwiro iziwerenga mopitirira ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Ndipo walemetsa chiwongolero chimene chilibe pampu yothandiza, kotero kuti poimika galimoto mikono imachita kuwawa. Amisiri a Peugeot a ku Sochaux amene anaika tayala loonda pa 404 sanachite mwaumphawi kapena mwaumbuli, koma anayeza masipuling'i, chiwongolero ndi magiya onse pa tayala lomwelo.

Palinso nkhani ya mkati mwa tayala. Akale, otchedwa crossply, anali ndi nsalu za ulusi zopingasana, ulusi womwe uja amayi ndi asodzi amasolola m'matayala otha nautcha linya. Atsopano, a radial, amene kampani ya Michelin inalembetsa mu 1946, ali ndi ulusi woyenda molunjika kuchokera mkombero kufikira mkombero, ndi lamba wolimba pansi pa mapazi ake. Radial imagwira msewu bwino ndi kukhalitsa, ndipo magalimoto ambiri akale amailandira mokondwa ngati msinkhu wake uli woyenera. Chosaloleka ndicho kusakaniza mitundu iwiriyi pa ekiselo imodzi, kapena kuika radial kutsogolo ndi crossply kumbuyo, pakuti pokhota matako a galimoto amathawa. Malimu ambiri akale, makamaka a masipoko ndi olumikizidwa ndi maliveti, amataya mpweya ndipo amafuna chubu, chimene chiyenera kukhala chatsopano ndi cha muyeso wa tayalalo, osati chachikulu chopindidwa m'kati, chifukwa popindikapo m'pamene chimang'ambikira chikatentha.

Tayala limakalamba ngakhale lisanaponde msewu, ndipo galimoto imene imatuluka Lamulungu lokha imakhala ndi matayala ooneka atsopano pamene mphira wake wauma kale. Pakhoma la tayala pali zilembo za DOT, ndipo kumapeto kwake pali manambala anayi: 2319 atanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mukapeza manambala atatu okha, dziwani kuti tayalalo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, ndipo ntchito imene yalitsalira ndi ya linya basi. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti lopitirira zaka khumi lichotsedwe, ngakhale mapazi ake akhale akuya. Wogula matayala a kaunjika awerenge manambalawa asanafunse mtengo.

Chotonthoza mtima n'chakuti miyeso yakaleyi sinafe. Michelin ikupangabe XAS, imene inatuluka mu 1965, Pirelli ikupangabe Cinturato, ndipo alipo amalonda amene ntchito yawo ndi matayala a magalimoto akale okhaokha, monga Longstone Tyres ndi Vintage Tyres ku England, kapena Coker Tire ku Chattanooga, ku America. Mtengo wake, mukaonjezapo wa ulendo ndi msonkho, ndi wowawa, ndipo kudikira n'kwa masabata. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene ali ndi mbale ku Johannesburg kapena ku Britain angathe kumutumizira manambala onse olembedwa bwino, pamodzi ndi chaka cha galimoto. Aitanitse matayala asanu, pakuti la sipeya losiyana msinkhu ndi anzake limavutitsa difu, ndipo akatha kuveka, amange manati mopingasa galimoto itatsitsidwa pa jeke, nabwerezenso kuwamanga atayenda makilomita makumi asanu oyamba.