Bowa wochotsa mantha? Tiyambe tamva kaye

Pa intaneti payamba kuchuluka nkhani ya bowa wina amene Azungu amati magic mushrooms. Akuti munthu akamadyako kachidutswa kochepa pakapita masiku angapo, maloto oipa amatha, mtima umakhala m'malo ndipo tulo timabwera. Kadyedwe kameneka amakatcha microdosing. Kwa ife amene timagwira ntchito m'mafamu kuno ku Joni, ndipo ambiri tinaona zinthu zosasimbika, mawu oterewa amakoma m'khutu. Ndiye tiyeni tione zimene zikudziwika.

Ena a ife tinaliko mu May 2008 pamene zipolowe zothamangitsa alendo zinapha anthu 62. Ena tikukumbukira za ku De Doorns mu November 2009, pamene antchito a m'minda ya mphesa ochokera ku Zimbabwe anathamangitsidwa m'nyumba zawo. Ena tinataya abale pa namondwe wa Freddy mu March 2023 tili kuno, osaika nawo maliro. Kuwonjezera apo pali ngozi za malole onyamula antchito, kufwambidwa panjira ndi nkhanza za m'banja.

Zoterezi zikachitika, anthu ambiri amavutika kwa masabata angapo kenako n'kupezako bwino. Koma kwa ena bala la mumtima silipola. Amalota zomwezo usiku uliwonse, amadzidzimuka chitseko chikangomenyetseka, amalambalala malo owakumbutsa, amapsa mtima ndi ana popanda chifukwa. Zikapitirira mwezi ndipo zikusokoneza ntchito ndi banja, madokotala amati ndi matenda a PTSD. Si misala, si ufiti, komanso si kufooka kwa chikhulupiriro. Ndi ubongo umene ukupitiriza kuliza belu la ngozi pamene ngoziyo inadutsa kale.

Nanga bowayu akubwerapo bwanji? Muli mankhwala otchedwa psilocybin. Anthu a mtundu wa Mazatec ku Oaxaca, m'dziko la Mexico, ankamugwiritsa ntchito pa miyambo yawo ya machiritso kuyambira kale. Dziko lonse linamva za iye mu 1957, Gordon Wasson atalemba m'magazini ya Life za mwambo umene anachita nawo kumeneko. Mu 1958 Albert Hofmann wa ku Switzerland anapatula mankhwalawo m'bowa. M'thupi amasanduka psilocin, amene amakagwira malo a mu ubongo momwe mumagwira serotonin, ndipo munthu akamwa wambiri amaona ndi kumva zachilendo kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Chiyembekezo chilipo ndithu, koma tione pamene chagona. Mu 2013 akatswiri a ku University of South Florida anapeza kuti mbewa zopatsidwa psilocybin wochepa zinkaiwala msanga mantha amene zinaphunzitsidwa. Koma mbewa si munthu. Mu 2024 kampani ya Compass Pathways inalengeza kuti anthu 22 odwala PTSD anapezako bwino atamwa psilocybin. Apa padali mlingo waukulu, kamodzi kokha, m'chipinda cha chipatala, akatswiri ali pambali tsiku lonse, ndipo panalibe gulu lina lofananitsa nalo. Uku si kudya kachidutswa m'mawa uli wekha n'kupita kumunda.

Pa microdosing penipenipo, kafukufuku wodziwika ndi wa ku Imperial College London, wotuluka mu 2021. Anthu 191 anasakaniza makapisozi awo, ena okhala ndi mankhwala, ena opanda kanthu, mwakuti sankadziwa chimene akumeza. Patatha mwezi, omwa mankhwala ananena kuti akumva bwino. Omeza makapisozi opanda kanthu nawonso ananena chimodzimodzi. Chimene chinkagwira ntchito kwambiri ndi chiyembekezo cha munthu mwini wake. Kafukufuku wina wa ku Argentina mu 2022, wa anthu 34, sanapeze umboni woti microdosing imawonjezera chimwemwe kapena kuganiza bwino. Ndipo onse awiriwa sanali a odwala PTSD.

Ngakhale ku Australia, kumene kuyambira pa 1 July 2023 madokotala ena a zamaganizo amaloledwa kupereka psilocybin, chilolezocho ndi cha matenda a kukhumudwa amene akanika mankhwala ena. Cha PTSD si chimenecho.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto loyamba ndi lamulo. Kuno ku South Africa psilocybin ndi woletsedwa pansi pa lamulo la mankhwala ozunguza bongo la 1992. Ku Britain ali m'gulu A, limodzi ndi heroin, ndipo kungopezeka naye kukhoza kukulowetsa m'ndende mpaka zaka 7. Ku America, zigawo za Oregon ndi Colorado zinavota kumulola m'njira zina mu 2020 ndi 2022, koma boma lalikulu, lomwe ndi limene limaona za mapepala a alendo, limamuletsabe. Mwini dziko akagwidwa amazengedwa mlandu n'kubwerera kwawo. Mlendo amatha kutaya ntchito, pemiti ndi ndalama zonse zimene ana kumudzi amadikira.

Vuto lachiwiri ndi thupi. Mphamvu ya bowayu imasiyana kwambiri, moti "pang'ono" wa lero akhoza kukhala wambiri mawa, iwe uli pathalakitala kapena pamakwerero. Kwa munthu amene m'banja mwawo muli matenda amisala, akhoza kuwadzutsa. Kwa amene akumwa lithium, akhoza kukomoka ngati wakhunyu. Ndipo kwa munthu wa PTSD, zimene anaziona zija zikhoza kubwerera mwamphamvu popanda womugwira dzanja.

Vuto lachitatu likutikhudza ife odziwa kuzula bowa. Kumudzi timadziwa utale, timadziwa ndelema. Kuno tchire ndi lina. Pansi pa mitengo ya oak ndi paini ku Western Cape ndi ku Britain pamamera Amanita phalloides, wa mtundu umodzi ndi ndelema wathu, amene amawononga chiwindi ngakhale ataphikidwa. Munthu amayamba kusanza patapita maola 6 kapena kuposa, amaoneka ngati wachira, kenako chiwindi n'kuleka kugwira ntchito. Safunsa anadya phula.

Thandizo loyesedwa bwino lilipo. Pali uphungu umene munthu amafotokoza zimene zinamuchitikira pang'onopang'ono, mothandizidwa ndi wophunzira ntchitoyi, mpaka zitasiya kumulamulira. Njira ina yotere, Narrative Exposure Therapy, inakonzedwera othawa nkhondo. Palinso mankhwala a kuchipatala monga sertraline. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, ndipo agogo aakazi ophunzitsidwa uphungu athandiza anthu ambiri ovutika maganizo atangokhala nawo pabenchi.

Poyambira ndi kukiliniki ya boma. Tikawauze anesi mosabisa kuti sitikugona, tikulota zoipa, ndiponso kuti zinayamba liti. Ku Cape Town kuli Trauma Centre ku Woodstock, ku Johannesburg kuli CSVR. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, bungwe la SADAG limayankha kwaulere pa 0800 567 567, usana ndi usiku.

Ndipo m'komponi mwathu, mnzathu akasiya kuseka, akayamba kumwa mowa kuti apeze tulo, tisadikire kuti abwere yekha. Timufunse kuti, "Achimwene, mukugona bwanji masiku ano?" Akafuna, timuperekeze kukiliniki tsiku lopuma.