Magazini ya maluwa imene yakhala ikutuluka kuyambira 1787

Pa 1 February 1787, mumzinda wa London munatuluka kamagazini kakang'ono kokhala ndi zithunzi zitatu zokha za maluwa, mtengo wake sheleni imodzi. Mwini wake anali William Curtis, wogulitsa mankhwala yemwe mtima wake unali pa zomera osati pa botolo. Buku lake loyamba lalikulu, Flora Londinensis, lofotokoza zomera zakutchire za kufupi ndi London, linam'bweretsera ulemu koma ndalama ayi. Anthu achuma sankafuna kuona udzu wa kuseri kwa nyumba zawo; ankafuna maluwa achilendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Curtis anawapatsa zimenezo, ndipo posakhalitsa magazini pafupifupi 3,000 ankagulidwa mwezi uliwonse. Lero, patapita zaka zoposa 230, Curtis's Botanical Magazine ikutulukabe, ndipo yasindikiza zithunzi zoposa 11,000.

Ntchito yake inali yakalavulagaga. Wojambula ankakhala pansi ndi chomera chamoyo, n'kujambula tsinde, masamba ndi duwa, kenako n'kung'amba duwalo kuti aonetse za m'kati mwake. Chithunzicho chinkagobedwa pa chitsulo cha mkuwa n'kudindidwa papepala chopanda mtundu. Kenako pepala lililonse linkapakidwa utoto pamanja, limodzilimodzi. Taganizani: zithunzi zitatu m'magazini 3,000 ndiye kuti mapepala 9,000 pamwezi. Opaka utotowo, omwe ambiri anali amayi, mayina awo sanalembedwe pansi pa zithunzizo. Chodabwitsa n'chakuti kupaka pamanja kumeneku kunapitirira mpaka m'chaka cha 1948.

Ngakhale ojambula otchuka sanadyerere thukuta lawo mokwanira. Walter Hood Fitch anajambula zithunzi zoposa 2,700, koma anasiya ntchito mu 1877 atasemphana pa nkhani ya malipiro ndi Joseph Hooker, mkulu wa munda wa zomera wa Kew yemwenso anali mkonzi. Amene anadzasenza katunduyo ndi Matilda Smith, mbale wake wa Hooker. Mayiyu anajambula zithunzi zoposa 2,300 pa zaka zopitirira 40, kuphatikizapo duwa lalikulu la ku Sumatra, Amorphophallus titanum, limene linamasula ku Kew mu 1889 ndipo fungo lake n'langati nyama yowola.

Zomera za kuno kwathu zinalowa m'magaziniyi kuyambira pachiyambi, makamaka za ku Cape. Mu 1863 munatuluka chomera cha m'chipululu cha Namib chimene chimakhala ndi masamba awiri okha moyo wake wonse. Friedrich Welwitsch anachipeza kumwera kwa Angola mu 1859, ndipo anafuna kuchitcha Tumboa potsatira dzina limene anamva kwa eni dera. Hooker anasankha Welwitschia. Dzina la mlendo linapambana, la eni nthaka linabwerera m'mbuyo. Ndipo izi sizinachitikire chomera chimodzi chokhachi.

Chigawo chathu chinadzapeza magazini yakeyake mu 1921, pamene Illtyd Buller Pole Evans anayambitsa Flowering Plants of South Africa mumzinda wa Pretoria, potengera chitsanzo cha Curtis. Mu 1945 dzina linasintha kukhala Flowering Plants of Africa kuti zomera za kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo nazo zipeze malo. Kumenekonso amayi ndiwo anagwira burashi. Cythna Letty yekha anajambula zithunzi zoposa 700, ndipo maluwa amene anali pa makobidi ena a South Africa a mu 1965 anachokera m'manja mwake. Masiku ano magaziniyi ili m'manja mwa bungwe la South African National Biodiversity Institute.

Mwina mlimi angafunse kuti, m'nyengo ino ya foni zojambula, n'kuvutikiranji ndi pensulo? Kamera imajambula chimene chilipo tsikulo: tsamba lodyedwa ndi mbozi, mthunzi, duwa lofota. Wojambula pamanja amaika papepala limodzi duwa, chipatso, njere ndi muzu, zimene kutchire zimaoneka miyezi yosiyana, ndipo amakulitsa tizigawo ting'onoting'ono tosiyanitsa chomera ndi chinzake chofanana nacho. Pambali pake pamakhala kufotokoza kwa katswiri, ndipo kawirikawiri chomera chenichenicho chimaumitsidwa n'kusungidwa kuti wokayika akadzionere yekha.

Kusokoneza dzina la chomera kumafika mpaka m'nkhokwe. Alangizi ambiri amadziwa ombwe, kapena kuti mthuthu, chitsamba chobwezeretsa chonde m'nthaka chimene masamba ake amaphanso tizilombo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2012, momwe munali akatswiri a ku Kew, anapeza kuti zitsamba zina zimene zinkagawidwa kwa alimi ku Malawi pa dzina la Tephrosia candida sizinali zimenezo ayi. Zinali Tephrosia vogelii, koma ya mtundu wopanda mankhwala opha tizilombo. Mlimi amene anasinja masamba ake n'kuthira m'chimanga kapena m'nyemba anataya mphamvu zake pachabe, anankafumbwe akudya mwamtendere.