KUSUNGA NDI KUPIMIRATU ZOLEMBA ZA BRAILLE PA KOMPYUTA

Mlembi akamva kuti buku lake lisindikizidwa m'zilembo za Braille, kawirikawiri amangopereka fayilo n'kuganiza kuti ntchito yatha. Sizili choncho ayi. Tsamba la inki ndi tsamba la Braille ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zolakwa zambiri zimaloweramo pa nthawi yosandutsa limodzi kukhala linzake.

Zilembo zimenezi anazifalitsa Louis Braille wa ku France m'chaka cha 1829. Lembo lililonse limakhala m'kachipinda ka timadontho 6, ndipo timadonthoti tingasanjidwe m'njira 63 zokha. Tsamba lodziwika kwambiri limatenga tizipinda 40 pa mzere ndi mizere 25. Chotero tsamba limodzi la inki limatha kudzaza masamba awiri kapena atatu a pepala lochindikala ndi lodula lija.

Titenge chitsanzo cha pulogalamu ya Duxbury Braille Translator, yopangidwa ndi kampani ya ku Massachusetts imene inayamba mu 1975. Buku limodzi m'pulogalamuyi limakhala ndi mafayilo atatu. Fayilo yothera ndi .dxp ndi ya zilembo wamba, imene mlembi amakonza. Akaisandutsa imabala ya .dxb, ya Braille, imene ingakonzedwebe. Yachitatu ndi .brf, imene mizere ndi masamba ake anamangika kale, yongodikira makina otumphula timadontho. Lamulo lake ndi limodzi: cholakwa chikapezeka, chikakonzedwe m'fayilo yoyamba ija ndi kusandutsanso. Wokonza pa yachitatu yokha adzachipezanso cholakwa chomwecho tsiku losindikizanso bukulo. N'kwanzeru kuika mafayilo a buku limodzi pamalo amodzi, dzina lililonse likusonyeza mutu, gawo ndi tsiku. Mayina onga "lomaliza" ndi "lomaliza lenileni" asokoneza akonzi ambiri.

Tsono tifike pa ntchito imene Angerezi amaitcha "preview". Ambiri timati kuoneratu. Mawuwa ndi abwino kwa mkonzi wopenya, amene pulogalamu imamuonetsa timadontho pa galasi la kompyuta, pamodzi ndi mzere wina m'munsi womasulira timadonthoto m'zilembo wamba. Koma mkonzi wosaona sagwira ntchitoyi ndi maso. Iye amayendetsa zala pa chipangizo cha timisomali totukuka ndi kutsika, mzere umodziumodzi. Ndiponso mneni "kuoneratu" timamugwiritsa kale ntchito pa kulosera zam'tsogolo. Ine ndikuona kuti "kupimiratu" akuyenera koposa: dokotala amapima ndi maso ndi manja omwe, ndipo wopima amakhala akufunafuna chimene sichili bwino, osati kungoyang'ana.

Nanga m'zolemba za Chichewa tipimiretu chiyani? Choyamba ndi nkhodolero. Mu Braille nkhodolero ndi kadontho kachitatu kokha. Koma mlembi akataipa chizindikiro china chofanana nacho, kapena akasiya mpata n'kulemba "m' nyumba", pulogalamu ikhoza kuganiza kuti ndi mtengero, umene m'malamulo a Unified English Braille umatenga tizipinda tiwiri. Pa pepala la inki diso limakhululuka zoterezi, chala sichikhululuka. Nkhodolero ikasowa kumene, ng'oma yoimba imasanduka ngoma ya m'thengo, ndipo mwana wowerenga alibe chithunzi chomuthandiza kuzindikira.

Chachiwiri, chimene chili choopsa kwambiri, ndi kusankha malamulo a chiyankhulo cholakwika. Braille ya Chingerezi ili ndi magiredi awiri: yoyamba imalemba lembo lililonse, yachiwiri imafupikitsa. M'giredi yachiwiriyo "ch", "th", "in" ndi "and" zimalembedwa ndi kachipinda kamodzikamodzi. Nkhani ya Chichewa ikadutsa m'malamulo amenewa, "kulanda" amatuluka ndi chizindikiro cha "and" pakati, ndipo "zinthu" amatsala ndi tizipinda tinayi. Pulogalamu sidandaula, pakuti yachita zimene inauzidwa. Mzere womasulira uja nawo ukhoza kuonetsa mawu olondola, chifukwa ukubwezera ndi malamulo omwewo. Wophunzira wa Sitandade 2, amene sanaphunzire zifupikitso za Chingerezi, ndiye adzakakamire pa mawu amene amawadziwa bwino. N'chifukwa chake mkonzi ayenera kuwerenga timadontho tenitenito, ngakhale pa masamba ochepa a mutu uliwonse.

Zotsalazo ndi za kayalidwe ka tsamba: mutu usatsale wokha pansi pa tsamba, manambala a masamba a inki aoneke kuti mphunzitsi ndi wophunzira apezane, ndipo mizere ya ndakatulo isalumikizike. Pomaliza tsimikizani kuti makina otumphula achunidwa pa muyeso womwewo wa fayilo. Fayilo ya .brf ya tizipinda 40 ikapita ku makina ochunidwa pa 32, mzere uliwonse wodzaza umaduka, ndipo mtolo wonse wa mapepala umangotayidwa.