Nyama zoyenda usana ndi usiku zayamba kuthawira mumdima

Kawirikawiri anthu amagawa nyama zakutchire pawiri: zoyenda masana monga anyani, ndi zoyenda usiku monga changa ndi mileme. Komatu pali gulu lachitatu, la nyama zimene zimadya, kuyenda ndi kupuma nthawi ina iliyonse, kaya dzuwa lili paliwombo kapena pakati pa usiku. Mikango ndi njovu zili m'gulu limeneli.

Khalidweli linapatsidwa dzina ndi katswiri wa sayansi Ian Tattersall, yemwe m'zaka za m'ma 1970 anachita kafukufuku pa chilumba cha Mayotte, pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Iye anapeza kuti lemur zakumeneko, zomwe ndi nyama zam'mitengo zapachibale ndi changa, zimadya masana ndi usiku womwe. Mu 1987 anafalitsa tanthauzo la mawu akuti "cathemeral", ochokera ku Chigiriki, onena za nyama zochita zinthu tsiku lonse lathunthu.

Akatswiri akuti kutentha, chakudya ndi adani ndizo zimalamulira nthawi ya nyamazi. Mkango umakonda kusaka kukazizira, koma mwayi ukapezeka umagwira nyama ngakhale masana. Ku Madagascar, mitundu ina ya lemur imayenda kwambiri usiku mwezi ukamawala. Njovu nayo, pokhala yofuna chakudya chochuluka, siigona tulo tambiri. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2017 anaonetsa kuti njovu ziwiri zazikazi za m'nkhalango ya Chobe ku Botswana zinkagona pafupifupi maola awiri okha patsiku.

Masiku ano mdani amene akusintha kwambiri nthawi ya nyama ndi munthu. Mu 2018 magazini ya Science inafalitsa zotsatira za kafukufuku wokhudza mitundu 62 ya nyama zoyamwitsa m'makontinenti asanu ndi imodzi. Zinapezeka kuti kumene anthu amasaka, kulima kapena kumanga, nyama zimasamutsira zochita zake usiku. Nyama imene inkagawa zochita zake mofanana pakati pa usana ndi usiku imafika pochita magawo 68 pa 100 alionse mumdima. Kumpoto kwa Kenya, njovu zinapezeka kuti zimayenda kwambiri usiku m'madera amene opha nyama mozembera lamulo achuluka.

Kusinthaku kumapulumutsa nyama, koma kuli ndi mavuto ake. Nyama imene maso ake anazolowera kuwala imavutika kupeza chakudya mumdima. Kwa alimi oyandikana ndi nkhalango zotetezedwa m'chigawo chino cha Africa, njovu yoopa anthu masana ndi imene imalowa m'munda usiku, mwini wake ali m'tulo. Motero amene akukonza njira zotetezera mbewu ndi nyama ayenera kudziwa malo amene nyama zimadutsa komanso nthawi imene zimadutsapo.