Kompyuta Yafika M'chipatala, Nanga Mzere Ukutalikiranji?

Aliyense amene amadalira chipatala cha boma amakadziwa kabuku ka kuchipatala. M'kabukumo ndi mmene muli mbiri ya munthu: anadwala chiyani, anamwa mankhwala anji, ndi mankhwala ati amene thupi lake limadana nawo. Vuto lake n'loti kamanyowa ndi mvula, kamadyedwa ndi chiswe, kamatayika pa minibasi. Ena kakadzaza amangogula katsopano, mbiri yonse n'kutsala kunyumba. Ife anamwino tili ndi akaundula athu akuluakulu, wa sikelo ya amayi oyembekezera, wa ana, wa malungo, wa chifuwa chachikulu, ndipo pakutha pa mwezi timawerenga mzere ndi mzere kuti tilembe lipoti. Choncho nkhani yoti zonsezi zilowe m'kompyuta si yachibwana ayi. Ndagwira ntchito zaka zambiri ku chigawo cholandirira mankhwala otalikitsa moyo pa chipatala china chachikulu cha paboma, ndipo ndaona makinawa akupulumutsa anthu. Ndawaonanso akutisandutsa makalaliki, odwala ali duu pabenchi.

Dziko lino silinayambe dzulo ntchito imeneyi. Mu 2001, pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, Gerry Douglas ndi anzake amene anadzakhazikitsa bungwe la Baobab Health anaika timakompyuta tongodina ndi chala pagalasi, topanda kiyibodi. Wodwala akalembetsa, makina ankatulutsa sitika ya mizeremizere yakuda n'kuimata pa kabuku kake. Akabweranso, kalaliki amangounika sitikayo, dzina n'kutulukira. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, odwala anachuluka moti makadi apepala anayamba kulephera, ndipo mu 2006 njira yomweyi inayamba kugwiritsidwa ntchito posamalira olandira ma ARV pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuchoka apo inafalikira m'zipatala zambiri.

Ubwino wake ndimauona tsiku ndi tsiku. Mayi akalowa, ndimaunika sitika yake, ndipo pagalasi pamaoneka sikelo yake ya miyezi yapitayi, tsiku limene anayenera kubwera, ndi mapilitsi amene ayenera kukhala atatsala. Ndikawerenga a m'botolo lake n'kupeza kuti achuluka, ndimadziwa kuti pali masiku amene sanamwe, ndipo timakhala pansi n'kukambirana bwinobwino. Makinawo amandikumbutsanso kuti nthawi yoyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi yakwana. Amene sanabwere pa tsiku lawo amaonekera msanga, alangizi a zaumoyo n'kuwatsatira kumudzi zinthu zisanafike poipa. Kale munthu ankatha miyezi atasiya mankhwala ife osazindikira, khadi lake litakwiririka m'bokosi.

Koma makina amadya magetsi. Amene anayambitsa ntchitoyi anaganiza bwino poika mabatire akuluakulu oti azigwira magetsi akathima, koma batire limakalamba, ndipo likafa silisinthidwa msanga. Jenereta ilipo, dizilo ndiye wosowa, ndipo akapezeka amayamba wapita ku fiyeta ndi ku chipinda cha ana obadwa masiku osakwana. Palibe angatsutse zimenezo. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku lililonse kwa miyezi yambiri. Masiku amenewo mawu oti "sisitimu yagwa" anali ngati moni wa m'mawa. Ikagwa timabwerera ku mapepala, chifukwa agogo amene ayenda wapansi kuyambira tambala woyamba sungawauze kuti abwere mawa. Magetsi akayaka, mulu wonse wa mapepalawo uyenera kulowetsedwa m'kompyuta, ndipo apa m'pamene zolakwika zimalowera: munthu watopa, akuthamanga, nambala 7 n'kuiwerenga ngati 1.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kugwira ntchito imodzi kawiri kapena katatu. M'zipinda zambiri kompyuta sinabwere kudzalowa m'malo mwa kaundula. Inangobwera kudzakhala pambali pake. Namwino amalemba m'kabuku ka wodwala, n'kulemba m'kaundula, n'kudinanso pa makina. Pamene ogwira ntchito ali ochepa kale, mmodzi kuyang'anizana ndi khonde lodzaza, mphindi iliyonse yopita ku kudina ndi mphindi yochotsedwa kwa wodwala. Bambo wina wachikulire anandifunsa mwaulemu kuti, "Anamwino, kodi matendawo ali pagalasipo kapena ali mwa ine?" Funso limeneli n'loyenera kulimva aliyense wopanga mapulogalamu a zipatala. Zizindikiro zina, monga maso otuwa, kupuma kobanika, kapena mantha a mtsikana amene akulephera kunena chimene chamubweretsa, zimaoneka pokhapokha wayang'ana munthu kumaso.

Vuto lina ndi lakuti masisitimu athu sadziwana. Ya ma ARV ili payokha, ya kulabu ili payokha, yosungira mankhwala ili payokhanso. Malipoti apamwezi amapita ku Unduna wa Zaumoyo kudzera pa DHIS2, pulogalamu yopangidwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, koma m'malo ambiri manambala olowa mmenemo amachita kuwerengedwa ndi manja kuchokera m'kaundula. Alangizi a zaumoyo m'midzi anayamba kutumiza kuchuluka kwa mankhwala otsala pa foni kudzera pa cStock, kenako kunabwera matabuleti. Chilichonse mwa izi chinabwera ndi bungwe lake, ndalama zake, maphunziro ake ndi nambala yake yachinsinsi. Zotsatira zake n'zakuti mayi wochokera ku Mchinji akasamukira ku Zomba, nthawi zambiri amafika ngati mlendo weniweni, n'kupatsidwa nambala ina yatsopano. Munthu mmodzi amakhala anthu awiri m'makina: uku akuoneka ngati wathawa mankhwala, uko akuoneka ngati wangoyamba kumene. Maina athunso amafanana. A Banda, a Phiri ndi a Mwale ndi osawerengeka, ndipo achikulire ambiri sadziwa tsiku lenileni limene anabadwa. Chiphaso cha unzika chimene anthu analembetsa mu 2017 chingathandize kwambiri, ngakhale kuti wodwala sayenera kubwezedwa chifukwa choti wachiiwala.

Maphunziro nawo amayenda mokhota. Kawirikawiri amene amapita ku semina ndi akuluakulu, pamene wodina makinawo tsiku lonse amaphunzira mongoonera mnzake. Wophunzitsidwayo akasamutsidwa, luso limapita naye. Chosindikizira masitika chikangofa, timadikira katswiri wochokera kutauni kwa masabata, chonsecho vuto lake mwina ndi kawaya kamodzi kamene mnyamata wa pompano akanatha kukonza akanaphunzitsidwa.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Kaundula wapepala amene ali m'kabati yokiya amaonedwa ndi anthu ochepa. Kompyuta yosiyidwa yotsegula, kapena nambala yachinsinsi imodzi yogwiritsidwa ntchito ndi chipinda chonse, ingaulule matenda a anthu zikwi kwa munthu wosayenera. M'dera limene aliyense amadziwa mnzake, kumveka kokha kuti wakutiwakuti amalandira ma ARV kungathetse banja kapena kumuthawitsa munthu kuchipatala. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha wogwira makinawo akulidziwa ndi kulilemekeza.

Pansi pa zonsezi pali funso la mwini wake. Mbali yaikulu ya makompyuta, intaneti ndi malipiro a makalaliki m'zigawo za ma ARV yakhala ikuchokera ku thandizo la boma la America kudzera ku PEPFAR. Boma limenelo litaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale 2025, tinaona ndi maso kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Anzathu olipidwa ndi mabungwe anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba, ndipo otsalafe tinazindikira kuti mbiri ya odwala athu ikusungidwa m'makina amene ochepa mwa ife angathe kuwasamalira.

Sindikunena kuti tibwerere ku mapepala. Chitsanzo chabwino tili nacho: Chipatala cha pa Foni, chimene chinayamba m'boma la Balaka mu 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, chinakula n'kufika dziko lonse pa nambala ya 54747, ndipo pambuyo pake chinaperekedwa m'manja mwa boma. Njira ndi imeneyo. Pulogalamu yatsopano isanalowe m'chipatala, afunsidwe kaye namwino, kalaliki ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo opanga akhale nafe tsiku lathunthu la sikelo aone mmene ntchito imayendera. Makina akalowa, kaundula mmodzi atuluke. Sola, mabatire ndi katswiri wokonza pa boma lililonse zilowe mu bajeti ya dziko monga mmene mankhwala amalowera. Bungwe lililonse lobweretsa sisitimu likakamizidwe kuti sisitimuyo izilankhulana ndi zinzake zimene zilipo kale.

Muyeso woona wa makinawa si kuchuluka kwa zipatala zimene alowamo, kapena kukongola kwa lipoti lofika ku likulu. Tiziwayesa pofunsa ngati wodwala wathandizidwa msanga, ngati wapatsidwa mankhwala oyenera, ngati chinsinsi chake chasungika, ndiponso ngati mbiri yake idzamutsatira kulikonse kumene angakadwalire. Pamene mayankho ake ali oti inde, ife ogwira ntchito m'zipatala sitifunika kukakamizidwa. Makina oterowo timawasamala tokha.